MALIRO A ANA A KU DUNBLANE

Ife aphunzitsi a ana ang'onoang'ono tikamaitana maina m'mawa, timakhulupirira kuti aliyense amene wayankha kuti "ndilipo" adzabwerera kwa amake masana. Pa 13 Malichi, 1996, ana 16 a sukulu ya pulaimale ya ku Dunblane sanabwerere kwao. Dunblane ndi tauni yaing'ono ya ku Scotland, dziko limene kunachokera amishoni a ku Blantyre ndi ku Livingstonia.

M'mawa wa tsikulo, ana a kalasi loyamba, a zaka 5 ndi 6, anali m'chipinda chochitiramo masewera olimbitsa thupi. Mwadzidzidzi kunalowa munthu wa zaka 43, dzina lake Thomas Hamilton, atanyamula mfuti zinayi za m'manja ndi zipolopolo 743. M'mphindi zowerengeka anapha anawo pamodzi ndi mphunzitsi wao, Mayi Gwen Mayor, navulaza ena 15, kenaka nadzipha yekha.

Chimene chinautsa mkwiyo wa makolo ndi ichi: mfuti zonsezo sizinali zakuba ai. Hamilton anali ndi chiphaso cha boma chomlola kuzisunga. Ndiponso m'chaka cha 1991 wapolisi wina, atafufuza madandaulo okhudza m'mene munthuyu ankasungira anyamata ku misasa yake ya tchuthi, analembera akuluakulu ake kuti amlande chiphasocho. Malangizowo sanatsatidwe. Chenjezo linalipo, koma panalibe wolimvera.

Makolo a ku Scotland sanangolira ndi kukhala chete. Anayambitsa gulu lotchedwa Snowdrop, dzina la duwa loyera limene limakhala litamasula m'nyengo imene anawo anaphedwa. Anthu oposa 700,000 anasaina kalata yopempha Nyumba ya Malamulo kuti iletse mfuti za m'manja. Boma linaika woweruza milandu, Lord Cullen, kuti afufuze nkhani yonse, ndipo lipoti lake linatuluka mu Okutobala 1996. M'chaka cha 1997 boma la John Major linaletsa mfuti zikuluzikulu za m'manja, ndipo boma la Tony Blair, limene linalowa m'chaka chomwecho, linaletsanso zing'onozing'ono zimene zinatsala. Lamuloli linagwira England, Scotland ndi Wales. Eni mfuti anapereka kupolisi mfuti zoposa 160,000, ndipo boma linawalipira.

Panali ena amene anadandaula. Anthu ochita masewera owombera chandamale anati sikoyenera kulanga anthu zikwi zambiri osalakwa chifukwa cha tchimo la munthu mmodzi. Dandaulo lao linali lomveka ndithu. Koma makolo anayankha kuti chisangalatso cha munthu wamkulu sichingayesedwe pa muyeso umodzi ndi moyo wa mwana, ndipo Nyumba ya Malamulo inagwirizana ndi makolowo.

Kodi lamulo linathetsa zonse? Iai. M'chaka cha 2010 munthu wina ku Cumbria anapha anthu 12, ndipo mu 2021 wina ku Plymouth anapha anthu asanu. Onse awiriwa anali ndi ziphaso za mfuti zazitali, zimene lamulo la 1997 silinaletse. Wa ku Plymouth uja apolisi anali atamlanda mfuti, koma anambwezera patatsala milungu yochepa kuti achite choipacho. Apa tiona kuti lamulo lolembedwa bwino siligwira ntchito lokha. Lifunika anthu atcheru olisunga.

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Inu abambo amene muli ndi mfuti yosakira nyama kapena yotetezera munda, onani kuti chiphaso chake chilipo, mfutiyo ikhale yokhomeredwa m'bokosi, yopanda chipolopolo m'kati, ndipo zipolopolo zikhale pa malo ena. Kiyi asakhale poti mwana angamfikire. Munthu amene waledzera kapena wapsa mtima asaigwire konse. Inu anyamata ndi atsikana, mukapeza mfuti kapena chipolopolo patchire, musachitole; itanani munthu wamkulu, ndipo iye akauze apolisi.

Ndipo tonsefe, tikaona mnansi amene ali ndi mfuti akuopseza mkazi wake kapena ana, tisati nkhani za m'banja la eni sitilowerera. Tikanene kwa amfumu ndi kupolisi, ndipo ngati sanatimvere ulendo woyamba, tibwerereko kachiwiri.