Mukalota mukubanika masiki ili kumaso

Imani pomwe amakonzera njinga za kabaza pamsika wa Mitundu, kapena pa Nathenje m'mbali mwa msewu wa M1, muone mmene mnyamata amabwezera chubu m'tayala akatha kumata. Sachilowetsa chili chophwa. Amayamba wapopa kawiri katatu, kampweya kochepa chabe, kuti chubucho chidzuke. Chubu chopanda mpweya chimagona, mbali ziwiri n'kukhudzana. Tiyambire pamenepa, abale anga, chifukwa kummero kwanu kulinso chubu chotere.

Njira ya mpweya yochokera kumphuno kupita kumapapo si yolimba monse. Cha kumunsi, pakholingo, ili ndi tizichereche toigwira kuti isafwafwanizike. Koma kuseri kwa lilime ndi mnofu wokhawokha. Masana mnofuwo umakhala wokungika ndipo njira imakhala yotseguka. Tulo tikabwera umalefuka. Kwa ambiri umalefuka pang'ono, mpweya n'kumadutsabe. Kwa ena njira imachepa, mpweya n'kumadzikakamiza, mnofu n'kumanjenjemera, ndipo umenewo ndiye mkonono. Kwa enanso chubu chimagoneratu.

Mayi amene amagona ndi munthu wotere amadziwa kale zonsezi. Mkonono umalira, umalira, kenako zii. Chifuwa chikukoka koma mpweya sukulowa. Mtima wa mayi uli m'mwamba, n'kuyamba kugwedeza: "Bambo ake, tembenukani!" Bambo amadzidzimuka, n'kukoka mpweya mwamphamvu, n'kuyambiranso kuliza mkonono. M'mawa amakanitsitsa kuti iwo anagona bwinobwino, ngakhale mutu ukuwawa, m'kamwa mwauma, ndipo pofika pamaliro kapena kutchalitchi akusinza. Madokotala amatcha vutoli sleep apnea. Amawerenga nthawi iliyonse imene mpweya waima kapena wachepa kwambiri kwa masekondi 10 kapena kuposerapo. Zikachitika ka 5 mpaka ka 14 pa ola, vuto ndi laling'ono. Ka 15 mpaka ka 29, lakula. Ka 30 kupita m'tsogolo, ndi lalikulu. Chulukitsani 30 ndi maola 7 a tulo, mupeza kuti munthu wabanika ka 210 usiku umodzi, iye osadziwa. Kafukufuku wina amene anatuluka mu 2019 m'magazini ya zachipatala ya Lancet Respiratory Medicine anayerekeza kuti anthu pafupifupi 936 miliyoni a zaka 30 mpaka 69 padziko lonse ali ndi vutoli. Limakweza BP, limayandikizitsa sitiroko, ndipo dalaivala wa minibasi ya msewu wa ku Bunda amene ali nalo ndi woopsa kwa aliyense amene wakwera.

Chithandizo chodziwika kwambiri ndi makina otchedwa CPAP. Anawayesa koyamba dokotala wina wa ku Australia, Colin Sullivan, mumzinda wa Sydney mu 1980, ndipo analemba zotsatira zake mu 1981. Injini imene anagwiritsa ntchito inali ya makina okokera fumbi m'nyumba, ataitembenuza kuti iziuzira m'malo mokoka. Makina a lero ndi kabokosi koika pambali pa bedi, paipi, ndi masiki yovala pamphuno kapena pamphuno ndi pakamwa pomwe. Ntchito yake ndi ya mnyamata wokonza njinga uja: kuikamo kampweya kochepa, usiku wonse, kuti chubu chisagone.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza. Choyamba, makinawa sakupumirani. Mumapuma nokha, iwo amangogwira njira. Chachiwiri, si okosijeni. Amatenga mpweya wa m'chipinda momwemo, n'kuusefa fumbi, n'kuukankha. Ambiri a ife timaopa chilichonse chovala kumaso cha kuchipatala, makamaka chichokereni Covid, chifukwa tinaona anthu akuikidwa pa mpweya atadwalika kale, ena osabwerako. Koma makina a mtundu womwewu akhala akupulumutsa ana athu. Pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, madokotala pamodzi ndi akatswiri a Rice University ya ku America anayesa CPAP ya ana akhanda yotchedwa Pumani, yopangidwa ndi timapampu ta m'mabokosi owetera nsomba. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2014 zinasonyeza kuti mwa makanda 100 aliwonse ovutika kwambiri kupuma, 71 anapulumuka ndi makinawa, pomwe pa okosijeni wamba anapulumuka 44. Ngati kamphuno ka mwana wobadwa masiku asanakwane kamapirira, mphuno ya munthu wamkulu ingalephere?

Komabe zimachitika. Munthu wagula makina odula, kapena ana ake a ku Joni amutumizira, wavala usiku woyamba, ndiye walota wina akumukanyanga pakhosi, kapena akumira, kapena amukwirira ali moyo. Wadzuka thukuta lili kamukamu, wavula masiki n'kuiponya pansi. M'mawa makina abwerera m'katoni. "Chinthu chija chimafuna kundipha."

Chifukwa choyamba n'chodabwitsa: kawirikawiri mpweya umakhala wachepa, osati wachuluka. Mphamvu ya makinawa imayezedwa ndi manambala oyambira pa 4 kufika pa 20, ndipo ngakhale pa 20 sifika gawo limodzi mwa magawo 100 a mphamvu ya mpweya wa m'tayala la njinga yanu. Za kuphulika mapapo iwalani. Makina ambiri amayambira pansi, pa 4 kapena 5, n'kumakwera pang'onopang'ono kuti munthu agone kaye. Kwa bambo wa thupi lalikulu ndi khosi lonenepa, 4 ndi kupopa kamodzi kokha. Chubu sichinadzuke. Amagona, njira n'kutsekeka monga mwa masiku onse, koma lero kumaso kuli chinthu chachilendo, ndiye mlandu umagwera masiki. Makina amene anatumizidwa atagwira kale ntchito kwa munthu wina amabwera ndi nambala ya mwini wake woyamba, ndipo nambala ya kummero kwa wina si ya kummero kwanu.

Chachiwiri ndi kuponcha. Mungapope mpaka thukuta, koma ngati chubu chili ndi kabowo, tayala silikhuta. Munthu wovala masiki ya pamphuno yokha akagona n'kuyasama, mpweya umalowa pamphuno n'kutulukira pakamwa. Masiki yaikulu kapena yotha mphira imatayira m'mbali, mpweya n'kumawomba m'maso. Ambiri akaona choncho amakoka zingwe mpaka kusiya mizere pankhope, koma kumanga kwambiri kumapinda mphira, kutayako n'kuwonjezeka. Apa chenjerani ndi chinthu chimodzi. Pamasiki pali timabowo tating'ono tomwe timatulutsa mpweya nthawi zonse. Timeneto si ponchi, ndi potulukira mpweya umene mwapuma kale. Wina wanzeru za m'nyumba akatimata ndi selotepi, ndiye kuti mukupumanso mpweya wanu womwe, ndipo kubanikako kumakhala kwenikweni.

Mphuno nayo imatseka. Chimfine cha mu Juni ndi Julaye, fumbi la Okutobala, utsi wa nkhuni, zonsezi zimatupitsa m'mphuno, ndipo pampu singathandize ngati polowera patsekeka. Palinso magetsi. Akathima pakati pa usiku, makina amaima masiki ikadali kumaso. Masiki yophimba pakamwa ili ndi kachitseko kamene kamatseguka kokha mpweya ukaima, kuti mupume wa panja, ndipo thupi limakudzutsani. Mukadzuka vulani, musagone nayo makina ali chete. Amene ali ndi batire ya sola ndi inveta amapeza kuti imakhalitsa akazimitsa mbali ya makina yotenthetsa madzi onyowetsera mpweya, chifukwa ndiyo imadya moto kwambiri.

Chifukwa china chili m'tulo momwemo, ndipo n'chimene ndikufuna muchimvetse bwino. Tulo tili ndi zigawo. Pali chigawo chimene maso amayendayenda m'zikope, ndipo ndi m'menemo mmene timalota kwambiri. Chimatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 kapena 5 a tulo ta munthu wamkulu, ndipo chimatalika cha kum'bandakucha. M'chigawo chimenechi thupi limazimitsa minofu yambiri kuti munthu asamachite zimene akulota, choncho chubu cha kummero chimalefuka koposa, ndipo kubanika kumatenga nthawi yaitali. Munthu amene wakhala zaka akubanika, chigawo chimenechi chimangodukaduka. Usiku umene makina atsegula njira, ubongo umabweza ngongole ya maloto a zaka zonsezo. Maloto amabwera ambiri, aatali, ooneka ngati zenizeni. Ndipo ubongo umaluka maloto ndi zimene thupi likumva. Monga mwana amene chikhodzodzo chadzaza amalota ali kuseri kwa nyumba, wamkulu amene akumva chinthu chamugwira kumaso amalota dzanja la munthu. Izi zimachepa pakapita masiku kapena milungu ingapo, ndipo kwa ambiri amene amapirira, maloto oipa amene ankawavutitsa kale amatha.

Kwathu kuno loto lokanyangidwa pakhosi lili ndi dzina kale. Munthu akadzuka akulephera kugwedeza mkono, akumva cholemera pachifuwa, akufuna kukuwa mawu osatuluka, timati afiti anabwera. Sindikufuna kukangana ndi agogo pankhaniyi. Ndingonena kuti zimenezi zimachitikira anthu a mitundu yonse, ndipo zimabwera pamene maganizo adzuka minofu ikadali yozimitsidwa. Zimatha zokha pakapita masekondi kapena timphindi tochepa. Chondidandaulitsa n'chakuti anthu ambiri a ku Mitundu ndi ku Nathenje amene amalota akubanika alibe n'komwe makina. Chubu chawo chimagona usiku uliwonse, ndalama zimathera kutsirika nyumba, ndipo nthawi zina nkhalamba yosalakwa ya pamudzi imalozedwa chala. Musanaloze munthu, funsani amene mumagona naye ngati mkonono wanu umaima.

Nanga wokhala ndi makina achite chiyani? Azolowere masana. Khalani pampando mukumvera wailesi, gwirani masiki kumaso ndi dzanja popanda paipi, mphindi zochepa chabe. Mawa mangani zingwe. Mkuja lumikizani paipi n'kuyatsa makina muli maso, mumve mmene mpweya umakankhira potulutsa, mudziwe kuti mungathe kuivula nthawi iliyonse ndi dzanja limodzi. Thupi likaidziwa masana, usiku siliiona ngati mdani. Tsukani mphira ndi sopo wosanunkhira, onani kasefa ka fumbi kumbuyo kwa makina, ndipo m'kabotolo ka madzi muzithira madzi a distilled ngati alipo, chifukwa a pamjigo amasiya zoyera zouma. Mowa wa madzulo, kaya ndi kachasu kaya wa m'botolo, umalefula mnofu wa kummero, chimodzimodzi mapiritsi ogonetsa. Kugona chagada kumagwetsera lilime kumbuyo. Kugona cham'mbali ndi kuchepetsa thupi kumathandiza ngakhale amene makina sangawakwanitse.

Si kubanika konse kwa usiku kumene kuli kwa chubu. Munthu amene amadzuka akulephera kupuma mpaka atakhala tsonga, miyendo itatupa, vuto lingakhale la mtima. Amene chifuwa chimalira likhweru cha kum'bandakucha, ungakhale mphumu. Mankhwala enanso amabweretsa maloto oopsa, monga efavirenz amene anali m'ma ARV a anthu ambiri m'dziko muno boma lisanayambe kusinthira ku dolutegravir mu 2019, ndi ena a BP. Musasiye mankhwala panokha. Yambirani pa chipatala cha Mitundu kapena cha Nathenje, akuyezeni BP ndi shuga, ndipo kukafunika akutumizani ku Kamuzu Central.

Popita kwa dokotala wodziwa makinawa, nyamulani zonse: bokosi, paipi ndi masiki. Makina ambiri amasunga okha maola amene mwawavala, kuchuluka kwa mpweya umene ukutayika, ndi kangati pa ola njira inatsekekabe, ndipo dokotala akaona manambalawo amadziwa ngati akweze poyambira, achepetse mphamvu potulutsa mpweya, kapena akusinthireni masiki. Musasinthe manambalawo mongoyerekeza. Mutengenso amene mumagona naye, chifukwa mafunso ambiri a dokotala adzayankha ndi iwowo.