Munthu amene amasunga fayilo yanu ku Social Welfare

Mayi akadwala matenda a maganizo, sadwala yekha. Munda umagonera, mwana wachisamba amasiya sukulu kuti aziphikira azing'ono ake, ndipo anthu oipa mtima amayamba kuzungulira pakhomopo poona kuti palibe wamkulu woyang'anira. Kuchipatala amaona matendawo basi. Aphunzitsi amaona kujomba. Apolisi amadikira mlandu. Komatu boma lili naye munthu amene ntchito yake ndi kuona zonsezi pamodzi, ndipo ambiri sitimudziwa.

Munthuyu ndi mlangizi wa ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ija timangoti kwa a Social Welfare. Ofesiyi imapezeka ku khonsolo ya boma lililonse, ndipo m'madera a mafumu ili ndi alangizi oteteza ana. Ambiri mwa alangiziwa amaphunzira ntchitoyi ku Magomero, m'boma la Chiradzulu. Mlangizi sapereka mankhwala, saweruza mlandu, ndiponso si amene amagawa chimanga. Iye amatenga nkhani ya munthu m'modzi kapena banja limodzi, n'kuyenda nayo ofesi ndi ofesi mpaka itafika pabwino.

Nkhani imamupeza m'njira zambiri: kwa nyakwawa, kwa mphunzitsi, kwa mlangizi wa zaumoyo, kwa apolisi a Victim Support Unit, kapena pa foni yaulere ya 116 yothandiza ana. Aliyense ali ndi ufulu wokanena, ndipo salipira kanthu.

Akatsegula fayilo, mlangizi wabwino amapita kunyumbako. Ulendo umenewu ndiwo mtima wa ntchito yonse. Amakhala pamphasa, amalonjerana ndi eni khomo mosapupuluma, maso ali m'nkhokwe ndi pamafuwa. Amapempha buku la kuchipatala kuti aone tsiku limene mayi anayenera kubwerera kukabayitsa jakisoni wa pamwezi, n'kuwerenga mapilitsi otsala m'kapepala. Mapilitsi akachuluka, ndiye kuti sakumwedwa. Safulumira kudzudzula, amafunsa kuti, "Amayi, mankhwalawa akukutani?" Nthawi zambiri yankho limakhala lomveka: akuumitsa khosi, akunjenjemeretsa manja, akugonetsa mpaka dzuwa kufika paliwombo. Zimenezi dokotala angathe kuzikonza posintha mlingo kapena mtundu wa mankhwala, koma angazidziwe bwanji ngati palibe womuuza? Ana nawonso amawafunsa paokha, chifukwa pali zina zimene mwana sanganene amalume ali pomwepo.

Kenako pamabwera dongosolo lolembedwa, ndipo apa ndikufuna nditsindike. Dongosololi silolembera munthu ngati chigamulo, mlangizi ndi banjalo amalipangira limodzi. Liyenera kunena amene aziperekeza mayi kuchipatala, amene akalankhule ndi ahedi kuti mwana abwerere m'kalasi, ndiponso tsiku limene mlangizi adzabwerenso. Matenda akakula, achipatala cha boma angatumize wodwala ku Zomba Mental Hospital, ndipo chithandizo chotere chimapezekanso ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Pamenepo funso la mlangizi limakhala lakuti ana atsala ndi ndani. Amayamba wafufuza pakati pa abale. Nyumba zosungira ana ndi njira yomaliza, zina zonse zikakanika. Banja likakhala losaukitsitsa komanso lopanda wogwira ntchito, amaona ngati lingaganiziridwe pa Mtukula Pakhomo, ndondomeko yopereka ndalama imene inayambira ku Mchinji mu 2006, ngakhale kuti kusankha mabanja kuli ndi njira yakeyake.

Mwana akagwiriridwa, zinthu zimafunika changu. Mankhwala oteteza ku HIV amathandiza akayambidwa pasanathe maola 72, ndiye musadikire bwalo la mfumu kapena zokambirana za pachibale. Malo a Chikwanekwane, monga a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, anakhazikitsidwa kuti dokotala, wapolisi, mlangizi ndi wopereka uphungu apezeke pamalo amodzi, mwana asabwereze nkhani yowawa pakhomo lililonse.

Alangizi ena amagwiranso ntchito kukhoti. Malinga ndi lamulo la 2010 loona za chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo kwa ana, mwana akapalamula, mlangizi amafufuza za moyo wake n'kulemba lipoti lothandiza khoti la ana kusankha pakati pa kumukonzera kwawo ndi kumutumiza ku malo osinthira khalidwe monga Chilwa kapena Mpemba. Kuyambira 2017, Malamulo Aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18.

Pamene ntchitoyi imagwa mphwayi ndi pa kulondoloza. Mlangizi m'modzi amasenza mafayilo ambirimbiri, midzi ili kutali, mafuta a njinga yamoto palibe. Kalata yotumiza munthu kwina imalembedwa, koma ngati palibe woimba foni kufunsa kuti anafikadi, kalatayo imathera m'thumba la malaya. Zimandipweteka chifukwa apa ndi pamene wodwala amene anachira bwinobwino amasiya mankhwala, n'kuyambanso kuyenda mumsewu, anthu n'kumati walodzedwa kapena n'chamba. Makhonsolo akamakonza bajeti, ndalama za maulendo amenewa zisamakhale zoyamba kudulidwa.

Inu mukapita ku ofesi ya Social Welfare, funsani dzina la mlangizi amene wagwira nkhani yanu, mulilembe pamodzi ndi nambala yake ya foni. Funsani zimene zili m'dongosolo ndi tsiku lodzakumananso. Zimene mwanena ndi zachinsinsi, sangaziulule popanda chilolezo chanu pokhapokha moyo wa munthu kapena chitetezo cha mwana chili pangozi. Fayilo isatsekedwe musanauzidwe chifukwa chake. Ndipo mukaona kuti nkhani yaima, mkulu wa ofesiyi m'boma mwanu alipo, pamwamba pake pali bwanamkubwa, komanso ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo a anthu amene sanathandizidwe moyenera m'maofesi a boma.