Makapusozi m'dziwe la nsomba

Anthu akamva kuti ntchito yanga ndi ya matenda a nsomba amayamba aseka kaye, kenako n'kufunsa ngati nsomba nayonso imabayidwa jakisoni. Zoona zake n'zakuti nthawi yanga yambiri imathera pa madzi, matope ndi tizilombo tosaoneka ndi maso.

Tsiku lina kunabwera bambo wina atanyamula makumba atatu m'jumbo, onse ali ndi zilonda. "Adokotala, ndathira makapusozi kawiri konse, koma zikungofabe," anatero. Anali atagula makapusozi a anthu pagolosale, n'kuwatsegula, ufa wake n'kusakaniza ndi madeya. Sindinawadzudzule, chifukwa ankangofuna kupulumutsa thukuta lawo. Komabe zimene anachitazo ndi zomwe zimatisowetsa tulo ife a ntchito imeneyi.

Kulabotale timapala chilondacho, mabakiteriya ake n'kuwadzala m'kambale momwe muli chakudya chawo. Pamwamba timayalapo timapepala tozungulira, kalikonse konyowetsedwa ndi mankhwala akeake. Kukacha, mankhwala amene akugwira ntchito amasiya malo oyera mbee kuzungulira kapepala, ngati bwalo losesedwa. Tizilombo tikamera mpaka kukhudza kapepalako, ndiye kuti mankhwalawo atha mano. Anthu amakonda kunena kuti thupi lazolowera mankhwala, chonsecho amene amazolowera ndi mabakiteriyawo, kaya ali mwa nsomba kaya mwa munthu.

Dziwe ndi malo abwino kwambiri ozolowerera. Nsomba yodwala sidya, choncho chakudya cha mankhwalacho chimadyedwa ndi zathanzi, chotsala chimamira m'matope. Kumeneko mankhwala amakhala osungunuka, okwanira kupha tizilombo tofooka koma osakwanira kupha tolimba. Totsalato timaswana popanda wolimbana nato. Alexander Fleming, amene anatulukira penisilini mu 1928, anachenjezeratu za mlingo woperewera woterewu polandira mphoto ya Nobel mu 1945.

Chodabwitsa china n'chakuti mabakiteriya amagawana luso limeneli monga mmene alimi amagawirana mbewu. Amapatsirana tizidutswa ta DNA totchedwa plasmid, ngakhale ali a mitundu yosiyana. Aeromonas, kachilombo ka m'madzi kamene kamabweretsa zilonda pa nsomba, kakhoza kukumana m'matope ndi E. coli wochokera m'zitosi za nkhuku zimene timathira kuti madzi abiriwire. Ngati nkhukuzo zinkamwetsedwa oxytetracycline mwachisawawa, zitosi zake zimafika m'dziwe zitasenza kale tizilombo tosamva mankhwala.

Kuchoka pamenepo njira yofika kwa munthu ndi yaifupi. Mayi amene akupala mamba ali ndi bala pachala, mwana amene akusamba kumunsi kwa ngalande, ndiwo zamasamba zothiriridwa ndi madzi a m'dziwe, mpeni umene watumbula nsomba n'kukadula tomato osatsukidwa. Moto umapha mabakiteriya, koma sufika pa zonsezi. Ku Singapore mu 2015 anthu ambiri anagonekedwa m'chipatala atadya nsomba zosaphika za m'madzi opanda mchere zomwe zinali ndi Streptococcus agalactiae. Kafukufuku amene anatuluka mu magazini ya The Lancet anapeza kuti mu 2019 mokha, mabakiteriya osamva mankhwala anapha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni, ndipo chigawo cha Africa cha kumwera kwa Sahara ndicho chinakhudzidwa koposa. Imfa zonsezi sizinachokere m'maiwe, koma madzi ndiwo amalumikiza khola, dimba, dziwe ndi chitsime.

Chopweteka n'chakuti si chilonda chilichonse chimene chimayamba ndi mabakiteriya. Matenda a zilonda a EUS, amene anabuka ku Mchinji mu 2020, amayamba ndi Aphanomyces invadans, kachilombo kokhala ngati nkhungu ya m'madzi. Ngakhale mutathira makapusozi odzaza ndowa, sikangafe. Mumangotaya ndalama kwinaku mukulimbitsa mabakiteriya amene anali phee.

Pali mayiko amene anadutsa kale m'njira imeneyi. Mu 1987 alimi a nsomba za salmon ku Norway anagwiritsa ntchito matani pafupifupi 50 a mankhwala opha mabakiteriya. Atayamba kupereka katemera ndi kusamala ukhondo wa malo oweteramo, mankhwala anatsika ndi 99 pa 100 aliwonse pomwe nsomba zinachuluka kwambiri. Ku Chile, komwe matenda a Piscirickettsia akuvutabe, amagwiritsa ntchito matani mazanamazana chaka chilichonse.

Mlimi wa chambo, chilunguni kapena mlamba ali ndi zida zake zosalira ndalama zambiri. Kuumitsa dziwe ndi kuthira laimu asanaike mbewu ina, kugula ana a nsomba kwa woweta wodziwika, kusabwerekana maukonde osaumitsa, kuvunditsa zitosi zisanalowe m'madzi. Mankhwala akafunikadi, alembedwe ndi dokotala wa ziweto atayeza, aperekedwe mlingo wonse, ndipo nsomba zisagulitsidwe nthawi yodikira isanathe. Nthawiyi imadalira kutentha kwa madzi. Ku Ulaya, mankhwala akakhala kuti sanapangidwire nyama iliyonse yodyedwa, amagawa 500 ndi kutentha kwa madziwo: pa madigiri 25, ndi masiku 20.

Bambo aja ndinawaperekeza kudziwe kwawo m'bandakucha. Tinapeza nsomba zili kukamwa yasa pamwamba pa madzi, zikusaka mpweya. Zinali zothithikana, pansi pali madeya owola. Tinapungula nsomba, tinalowetsa madzi atsopano, tinachepetsa chakudya, ndipo imfa zinaleka. Potsanzikana anatulutsa m'thumba makapusozi otsala n'kundifunsa chochita nawo. Ndinawauza kuti akawasiye kuchipatala, chifukwa mankhwala amenewo ndi omwe mdzukulu wawo adzadalire tsiku limene adzadwale chibayo, ndipo tsikulo tifunika kuwapeza akadali ndi mphamvu.