Chitenje, suti kapena kilt: tivale chiyani pa zochitika za ku Glasgow?

Chakudza sichiimba ng'oma. Uthenga wa maliro umatipeza tikuthyola sitiroberi ku Angus, tikusankha mbatata ku Ayrshire kapena tikukama ng'ombe mbandakucha ku Lanarkshire. Khadi yoitanira ku ukwati nayo imangofika, pansi pake atalembapo timawu tiwiri tachingerezi tomwe kusukulu sitinaphunzire. Zikatero funso limakhala limodzi: kodi m'chikwama chija tinakwera nacho ndege ku Chileka kapena ku Lumbadzi muli chovala choti tingaonekere nacho pagulu mu Glasgow?

Funsoli si lachibwana. Ambirife zovala zomwe tili nazo ndi za kumunda: majombo, jekete ya mvula, magolovesi ndi majuzi. Ndalama yomwe timalandira ili kale ndi eni ake, fizi ya ana, feteleza ndi malata a nyumba kumudzi. Komanso palibe amene amafuna kuti akatembenuka anthu atsale akunong'onezana kuti Amalawi aja ulemu sadziwa. Kuti tipewe manyazi popanda kugwa m'ngongole, tiyenera kudziwa zomwe eni dziko amayembekezera, komanso zomwe ife tokha timayembekezerana.

Jekete ndi tayi tinazitenga kuti?

Chodabwitsa n'chakuti ulemu wa jekete ndi tayi womwe timaugwiritsitsa, mbali ina unachokera konkuno. Mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa mu 1876 ndi a Church of Scotland, ndipo dzinalo analitenga ku Blantyre wa kuno, kamtauni ka kufupi ndi Glasgow komwe David Livingstone anabadwira mu 1813. M'matchalitchi omwe anatuluka m'mishonizi ndi momwe tinazolowera kuona mkulu wa mpingo atavala jekete ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ndi amayi a Mvano atavala bulauzi yoyera, duku loyera ndi siketi yakuda.

Dr Hastings Kamuzu Banda, amene anamaliza maphunziro ake a udokotala ku Edinburgh mu 1941 ndipo anali mkulu wa mpingo mu Church of Scotland, ankaoneka pagulu ndi suti, chipewa ndi litchowa m'manja. Mu 1973 boma lake linakhazikitsa lamulo la Decency in Dress Act loletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi. Lamuloli linathetsedwa mu 1993, koma m'mitima ya ambiri likadalipo. Mpaka lero mayi wofika pamaliro kumudzi atavala thalauzi popanda chitenje amadziwa yekha kuti maso onse ali pa iye.

Pomwe ife tinasunga mwambowo, eni ake anaumasula. Mu tchalitchi cha ku Glasgow Lamulungu wamba mupeza abambo avala juzi ndi jinzi, amayi avala thalauzi, abusa osadabwa n'komwe. Koma tisapusitsike nazo. Likafika tsiku la ukwati kapena maliro, anthu omwewa amatchena moti simungawazindikire.

Pa maliro a eni dziko

Chinthu choyamba chotithandiza ndi nthawi. Kwathu munthu akamwalira lero, mawa kapena mkuja adzukulu amakhala akumba kale. Kuno lamulo limapereka masiku 8 oti imfa ikalembetsedwe, ndipo mwambo wa maliro kawirikawiri umachitika patapita sabata imodzi, ziwiri kapena kuposa. Mpata wobwereka jekete kapena kuchapitsa diresi ulipo.

Banja likapanda kunena kanthu, valani zakuda kapena zoderako, monga zotuwa kapena zabuluu wakuda. Abambo: thalauzi yakuda, shati yoyera, tayi yakuda ndi nsapato zopolisha. Suti ndi yabwino, koma amene alibe sathamangitsidwa. Amayi: diresi, siketi kapena thalauzi yoderako, ndipo thalauzi pamaliro kuno si nkhani. Chitenje cha maluwa owala chomwe kwathu chimasonyeza ulemu, anthu osatidziwa angachione ngati chovala cha chisangalalo. Ngati mtima sukulola kupita opanda chitenje, sankhani choderako. Duku lakuda palibe amene angalidabwe.

Werengani bwino chilengezo cha maliro. Masiku ano mabanja ambiri amapempha kuti anthu avale zowala, kapena kanthu kamtundu womwe malemu ankakonda. Akatero, mverani. Kufika mutada bii pomwe banja lapempha zowala n'kusamvera eni maliro. Mukaona mawu oti "family flowers only" musagule nkhata. M'malo mwake pakhomo pamakhala bokosi la chopereka chopita ku bungwe lothandiza anthu, ndipo ndi pamenepo chipepeso chanu chingalowe.

Maliro ambiri kuno amathera kotentha mitembo, monga ku Linn, Daldowie, Craigton kapena Maryhill, komwe kunatsegulidwa mu 1895 ngati malo oyamba otere mu Scotland. Mwambo wake sukwana ola, ndipo banja lina limakhala likudikira panja. Nthawi ya kwathu ija ya "tili m'njira" kuno siigwira. Fikani mphindi 15 nthawi isanakwane, apo ayi suti yanu yokongolayo idzangoonedwa ndi oimika magalimoto.

Akakhala oika m'manda, chofunika kwambiri ndi chikhoti chotentha ndi nsapato zosaterera, chifukwa mvula ya ku Glasgow siona kuti mukulira. Pali mwambo wa zingwe: achibale ndi abwenzi apamtima, nthawi zambiri anthu 8, amapatsidwa kakhadi ka nambala n'kuitanidwa kudzagwira chingwe potsitsa bokosi. Mukapatsidwa kakhadi kameneka dziwani kuti banjalo lakutengani ngati m'bale. Pambuyo pake pamakhala chakudya chomwe kuno amati purvey, tiyi, masangweji, soseji kapena steak pie, ku hotela kapena ku kalabu. Anthu amaseka, ena amamwa, akukumbukira malemu. Si mwano ayi, ndi kalilidwe kawo.

Ku mzikiti, monga Glasgow Central Mosque, ndi ku gurdwara ya Asikh, nsapato zimatsala pakhomo. Amayi atenge mpango wofunda kumutu, ndipo ku gurdwara abambo nawonso amafunda. Onetsetsani kuti masokosi alibe zibowo.

Pa maliro athu

Akamwalira mnzathu, anthu otiona amakhala magulu awiri: omwe tili nawo mu holo ku Glasgow, ndi achibale kumudzi omwe akutsatira pa Facebook kapena WhatsApp. Azakhali ku Ntcheu adzaona ndithu kuti mpongozi wawo anakhala kutsogolo mutu uli pamtunda. N'chifukwa chake amayi ambiri amavala zotentha mkati, thalauzi kapena malegingi, n'kumanga chitenje pamwamba ndi duku kumutu. Mwambo wasungika, chibayo chapewedwa. Amene ali ndi yunifolomu ya Mvano, Umanyano, Dorika kapena chitenje cha mpingo wa Katolika, apa ndiye pake.

Koma tisayese anthu ndi zovala. Wina amachoka ku famu ku Blairgowrie atangoweruka, n'kukwera basi mpaka ku Buchanan Bus Station, n'kufika ndi jekete ya kuntchito. Wataya malipiro a tsiku ndi ndalama ya basi kuti adzalire nafe. Maliro n'kulirana, ndipo munthu wotereyu tizimulandira ndi manja awiri. Pamene banja likusonkhetsa ndalama zotumizira thupi kumudzi, zomwe zimafika mapaundi masauzande, paundi iliyonse yomwe ikanapita ku suti yatsopano ili ndi ntchito yoposa pamenepo.

Tikumbutsanenso kuti malamulo a Scottish Agricultural Wages Board amapatsa wogwira ntchito pa famu masiku osachepera atatu olipidwa akamwalira wachibale wapafupi, monga kholo, mwana, mkazi kapena mwamuna wake. Akakhala maliro a mnzathu chabe, tiyenera kupempha tchuthi nthawi ikadalipo.

Ukwati wa kuno

Yambani n'kuona kuti akuitanirani gawo liti. Pali alendo a tsiku lonse, omwe amaonerera kumangitsa ukwati n'kudya nawo chakudya chachikulu, ndiye pali alendo a madzulo okha, omwe amafika cha m'ma 7 koloko kudzavina. Khadi imaitana okhawo omwe mayina awo alembedwapo. Zotengana ndi alamu, ana ndi mnzanu wa m'kalavani ngati kumudzi, kuno mipando ndi mbale anawerenga kale.

Ukwati sukhala m'tchalitchi nthawi zonse. Chiyambire 2005 Scotland imavomereza maukwati a humanist, opanda pemphero, ndipo tsopano achuluka kuposa a Church of Scotland. Mukhoza kupezeka ku hotela, m'nyumba ya pa famu yokonzedwa bwino kapena m'mbali mwa Loch Lomond mphepo ikuomba. Kusowa kwa abusa sikutanthauza kuti tivale zilizonse.

Akalemba "lounge suit" akunena suti wamba ndi tayi, amayi diresi yabwino. "Black tie" ndi yapamwamba kuposa apo: suti yakuda ya madzulo ndi tayi yagulugufe, amayi diresi yaitali. "Smart casual" ndi thalauzi yabwino ndi shati ya kolala, tayi osafunika, koma jinzi yong'ambika ndi nsapato zothamangira ayi. Akapanda kulemba kanthu, tengani ngati ndi suti wamba. Mukakayika funsani amene wakuitanani. Paja safunsa anadya phula.

Amayi, diresi yoyera ndi ya mkwatibwi yekha. Kupatula apo, chilundu kapena diresi yosokedwa ndi nsalu ya chitenje imalandiridwa bwino kwambiri, ndipo mudzatopa ndi kufunsidwa komwe munaigula. Shati ya chitenje ya abambo, yosita bwino, pa thalauzi yakuda, imalowa paliponse kupatula pa "black tie". Chenjezo ndi limodzi: usiku kumakhala ceilidh, magule a gulu monga Strip the Willow ndi Gay Gordons, omwe amakuzunguza ngati nguli. Chitenje chongokulunga chikhoza kukuchititsani manyazi pakati pa bwalo. Chimangeni ndi chingwe, ndipo m'chikwama muponyemo nsapato zafulati.

Nanga kilt?

Abambo ambiri akaona koyamba amaseka: mwamuna wamkulu siketi, zoona? Koma mawu oti siketi musawatulutse pamaso pa eni ake. Kilt inaletsedwapo ndi lamulo la boma la Britain kuyambira 1746, itatha nkhondo ya Culloden, mpaka 1782. Ife amene tinaona lamulo la 1973 tikudziwa momwe chovala choletsedwa chimasandukira nkhani ya mtima.

Mlendo saletsedwa kuvala kilt. Mkwati akakupemphani kuti muime naye, n'kutheka kuti adzafuna muvale. Pali mitundu ya nsalu ya tartan, monga Black Watch, yomwe aliyense angavale posatengera mfunda. Kilt yeniyeni imadya mayadi 8 a nsalu yaubweya, pomwe chitenje chathu ndi mamita awiri okha, choncho kugula n'kodula. Ngakhale eni dziko ambiri amangochita hayala m'masitolo ngati Slaters kapena MacGregor and MacDuff. Zopindapinda zimakhala kumbuyo, osati kutsogolo. Kampeni kapasokosi kaja, sgian dubh, lamulo limakalola ngati mbali ya chovala cha dziko, koma mlendo angachite bwino kutenga kapulasitiki kapena kukasiya.

Mitundu yoti tisamale nayo

Ku Glasgow jezi ya mpira si chovala wamba. Mizere yobiriwira ndi yoyera ndi ya Celtic, buluu ndi wa Rangers, ndipo mkangano wawo umakhudza chipembedzo ndi mbiri, kuposa wa Bullets ndi Wanderers. Malo ambiri omwera salola munthu wovala jezizi. Musavale ku mwambo uliwonse pokhapokha banja litapempha. Chimodzimodzi nsalu za chipani za kwathu, zisiyeni m'chikwama. Pa ukwati kapena maliro a Amalawi pamabwera anthu a zipani zonse.

Ukwati wathu ndi nkhani ya yunifolomu

Apa ndi pomwe ambiri timalira chamumtima. Komiti imasankha nsalu, kuitanitsa ku Limbe kapena ku Lilongwe, aliyense agule, asoketse. Telala wa kuno mtengo wake si wa pa khonde la sitolo ku Ndirande. Ukaphatikiza basi, mphatso ndi perekaniperekani, pomwe ndalama yapepala yaing'ono yomwe imapezeka kawirikawiri ndi mapaundi 5, malipiro a sabata atha. Wokhala pa viza ya miyezi 6 sangapirire maukwati atatu otere m'chilimwe chimodzi.

Makomiti angatithandize posankha mtundu chabe, monga wobiriwira kapena wagolide, kuti aliyense apeze chomwe angathe, nsalu yofanana n'kusiyira achibale ndi operekeza. Anene msanga, ndipo wobwera wopanda yunifolomu asaikidwe kumbuyo ngati wolowerera.

Kokapeza zotchipa

Kaunjika kuno aliko, kungoti ali m'masitolo a magalasi. Masitolo a Oxfam, Shelter ndi British Heart Foundation, komanso ena otere mu Byres Road, Dumbarton Road ndi Victoria Road, amakhala ndi masuti, madiresi ndi zikhoti zabwino pa mtengo wotsika. Loweruka ndi Lamulungu kuli msika wa Barras ku Gallowgate. Shati yoyera ndi tayi yakuda zimapezeka motchipa ku Primark mu Argyle Street.

Munthu mmodzi safunika zambiri. Abambo: suti imodzi yoderako, shati yoyera, matayi awiri, yakuda ya maliro ndi yowala ya ukwati. Amayi: diresi imodzi yoderako, chilundu chimodzi, zitenje ziwiri ndi duku. Onse: chikhoti chakuda ndi nsapato zosapondera kumunda. Zomwezi zidzagwira pa ubatizo, pa tsiku lomwe mwana akulandira digiri, ndi pa chikondwerero cha 6 Julaye. Ana yunifolomu ya sukulu yochapa bwino imakwana pa maliro.

M'kalavani mumachita chinyezi, ndiye zovalazi zisungeni m'thumba lotseka ndipo muzizitulutsa kuti zipitidwe mphepo, kuopa chuku. Tsiku la mwambo musakwere nazo basi mutavala kuchokera ku Dundee kapena Perth. Zinyamuleni, mukasinthe mukafika. Ndipo pa gulu lathu la WhatsApp, pomwe timalengeza maliro ndi kusonkhetsa chipepeso, tiyeni tizilembaponso kuti ndani ali ndi jekete ya saizi yanji yoti n'kubwereka. Wobwereka aibweze itachapidwa.