Msambo ukasokonekera, wolakwa si jakisoni yekha

Kwa Mwase Lundazi ku Zambia nkhani ya kumwezi imakambidwa chapansipansi. Mtsikana akatha msinkhu, anamkungwi amamuphunzitsa kavalidwe ka nsalu ndi mwambo wosathira mchere m'ndiwo. Za msambo wosokonekera sazifikapo kwenikweni, ndiye mayi zikamuvuta amafunsa mnzake ku mjigo.

Yankho la ku mjigo limadziwika kale: "Ndi jakisoni wolerayo." Sikuti ndi bodza lokhalokha. Depo-Provera, wobayitsa pa miyezi 3 iliyonse, amasinthadi msambo. Poyamba magazi amangodontha masiku osadziwika, ndipo pakatha chaka pafupifupi theka la amayi amasiyiratu kusamba. Ambiri amaopa kuti magaziwo akuunjikana m'mimba, koma ayi ndithu. Mankhwalawa amapyapyalitsa khungu la m'kati mwa chiberekero, moti palibe choti chituluke.

Chodandaulitsa n'chakuti amayi amada nkhawa ndi chosaopsa, choopsacho n'kumachipirira. Msambo wabwinobwino umabwera pakapita masiku 21 mpaka 35, ndipo kawirikawiri sudutsa sabata. Amene akutaya magazi masiku 10, ena oundana, nsalu n'kumanyowa ola lisanathe, mwina ali ndi zotupa m'chiberekero. Mudzamuona zikhatho zatuwa, akasenza ndowa akuchita chizungulire. Magazi achepa m'thupi, koma iye amati n'kutopa kwa kumunda.

Likodzo nalo salitchula, poti anthu amati ndi matenda a anyamata okodza magazi. Chonsecho mayi wochapa ndi kusamba ku damu kapena kudambo amalitenganso. Mazira a tinyongolotsi take amakakhazikika pa khomo la chiberekero n'kuyambitsa tizilonda, ndipo magazi amaoneka akakhala malo amodzi ndi bambo. M'nyumba mumabuka mkangano wa amene wabweretsa matenda, pomwe mankhwala ake ndi mapiritsi a praziquantel. Chizindikiro chomwecho chimathanso kukhala cha khansa ya khomo la chiberekero, imene Zambia idayamba kuyeza ndi viniga mu 2006. N'chifukwa chake kudziweruza wekha n'kulakwa. Zimene chipatala cha Mwase Lundazi sichingathe chimatumiza ku chipatala chachikulu cha boma la Lundazi, zikakula n'kupitirira ku Chipata Central Hospital.

Chosafunika kudikira kuti kuche ndi ichi: msambo wadumpha, kenako m'mimba mwayamba kupweteka mbali imodzi, magazi akudontha. Ikhoza kukhala mimba yokhala kunja kwa chiberekero, ndipo ikaphulika imapha.

Nanga ululu wa kumwezi uja atsikana amauzidwa kuti udzatha akadzabereka? Wina umathadi. Wina ndi matenda a endometriosis, omwe bungwe la WHO limati amagwira mayi mmodzi mwa amayi 10 a msinkhu wobereka. Lamulo la ntchito la Zambia la 2019 limapatsa mayi wolembedwa ntchito tsiku limodzi lopuma mwezi uliwonse, popanda kalata ya dokotala. Mayi wolima mtedza ndi thonje kwa Mwase alibe bwana womupatsa tsikulo.