Makwinya ndi imvi si matenda

Masiku ano munthu akafika zaka 40 amayamba kucita mantha ndi kalilole. Imvi imodzi ikaoneka pamutu, mawa lake ali kale pa kantemba kufunafuna mankhwala akuda. Pa foni naponso palibe mtendele. Mukatsegula Facebook kapena TikTok mupeza ogulitsa mafuta akulonjeza kuti m'milungu iwili cabe mudzabwelela ku utsikana. Nayo kamela ya foni imasalaza nkhope, kotelo kuti ambuya ku Kapata akatumiza cithunzi ku Lusaka, adzukulu amafunsana kuti kodi ameneyu ndani.

Awelengi athu, khungu lili ndi ulusi wolimba wochedwa collagen umene umaligwila kuti likhale losalala. Munthu akamakula, thupi limapanga ulusi wocepa ndipo mafuta apansi pa khungu amacepanso. Makwinya amabwela motelo. Imvi zimabwela pamene mizu ya tsitsi yaleka kupanga mtundu wakuda, ndipo msinkhu umene zimayamba kambili umatsata kubanja. Ife akhungu lakuda tili ndi mwai, cifukwa melanin, cimene cimadetsa khungu lathu, amatichinjiliza ku dzuwa, ndiye makwinya amacedwa kutipeza. Comvetsa cisoni n'cakuti mafuta ambili amene amagulitsidwa kuti "acotse ukalamba" nchito yao yeniyeni ndi kuyeletsa khungu, kutanthauza kucotsa cishango cimeneci.

Amene timaona kwambili kucipatala ndi odzola Dermovate, Betnovate ndi Diproson. Awa si mafuta okongoletsa ai. Ndi mankhwala amphamvu a gulu la steroid, amene timalembela munthu wodwala nthenda ya pakhungu kuti adzole kanthawi kocepa, ndipo pankhope timacita nao mosamala kwambili. Koma m'makomboni anthu amawafinyila m'botolo la mafuta odzola, n'kumapaka m'mawa ndi madzulo caka cathunthu. Milungu yoyamba nkhope imawala ndipo anzanu amakuyamikilani. Pambuyo pake khungu limapyapyala, mitsempha imaonekela, m'mikono ndi m'nchafu mumang'ambika mizele yosatha, ziphuphu zimabuka, ndipo zipele zimayala thupi lonse. Cilonda cimacedwa kupola. Posoka khungu lotele pambuyo pa opaleshoni, ulusi umavuta kugwila. Mankhwalawa amalowanso m'magazi, ndipo angakweze BP ndi shuga.

Msampha wake uli apa: mukaleka mwadzidzidzi, nkhope imawawa ngati mwapaka tsabola, ndiye mumabwelela ku cubu comweco. Conco ngati mwadzola kwa miyezi yambili, bwelani kukiliniki ndi cubu canu m'manja, tione dzina lake ndi kukuthandizani kuleka pang'onopang'ono. Musacite manyazi. Tikafunsa kuti "Amai, mumadzola ciani?" ambili amayankha kuti Vaseline cabe, pamene zala zao zakuda m'mfundo zanena kale zoona.

Mafuta ena ali ndi hydroquinone. Ameneyu akadzoledwa zaka zambili amabweletsa mawanga akuda bii m'masaya, ovuta kucotsa. Madokotala a ku South Africa analemba za vutoli mu 1975, ndipo dzikolo linaletsa hydroquinone m'mafuta okongoletsa mu 1990. Palinso sopo ndi mafuta okhala ndi mercury, amene amaononga impso ndi mitsempha, ndipo amafika kwa mwana ali m'mimba. Mu 2023 maiko a m'pangano la Minamata anagwilizana zothetsa mafuta onse okongoletsa oikidwamo mercury. Koma botolo lopanda dzina, losakanizidwa kuseli kwa nyumba, silidziwa pangano lililonse.

Inu atate sindinakuiwaleni. Mankhwala ambili odetsa imvi ndi ndevu ali ndi PPD, imene anthu ena imawatupitsa nkhope mpaka maso kutsekeka. Ngati mufunadi kudetsa, pakani pang'ono kuseli kwa khutu ndi kuyembekeza maola 48. Pakayabwa kapena kutupa, tayani.

Ine ndiona kuti ndalama zimene zimathela ku mafuta zikanagwila nchito pa zizindikilo zina za kukula zimene timanyalanyaza. Pa zaka 40 mpaka 45 maso amayamba kulephela kuona zapafupi. Mumatambasula mkono kuti muwelenge uthenga pa foni, kapena mumaitana mwana kuti alowetse ulusi mu nsingano. Izi n'zacibadwa, ndipo magalasi owelengela amathetsa vutoli. Koma BP siioneka pa kalilole. Pimitsani kamodzi pa caka ngakhale mukumva bwino, ndipo ikapezeka kawilikawili pa 140/90 kapena kuposa, yambani cithandizo. Pimitsaninso shuga. Amai ambili amaleka kusamba pakati pa zaka 45 ndi 55, ndipo kumva kutentha m'thupi ndi thukuta la usiku zisakudabwitseni. Koma magazi akabwelanso patapita caka mutaleka, pitani kucipatala sabata yomweyo. Atate amene amadzuka kangapo usiku kukataya madzi, kapena mkodzo utuluka modontha, nawonso asakhale cete.

Za khungu lenilenilo n'zochipa: sopo wosawawa, Vaseline kapena glycerine mukangosamba, cisote kapena ambulela kwa inu ogulitsa padzuwa kumsika, ndi kuleka fodya, amene amakwinyitsa nkhope msanga.