Ziliza za mapulezidenti tili nazo, nanga makalata awo ali kuti?

Chisanu cha mwezi wa June ku Nachisaka si chamasewera. M'mawa nkhungu imakuta mapiri a Dowa ndi Ntchisi, ukayankhula mpweya n'kumatuluka m'kamwa ngati utsi. Tsiku lomwe ine ndi mnzanga wa ku koleji tinkanyamuka, agogo anali pamoto atafunda chitenje mpaka kumutu.

"Mukuti mukukaona mbiri ya dziko? Mpaka ku Blantyre?" anandifunsa. "Nanga pa Dzaleka pompa munaonapo kale?"

Ndinangoseka. Kwa ine Dzaleka inali kampu ya anthu othawa kwawo, komwe kumachitikira Tumaini Festival, basi. Tinadutsapo osaima n'komwe, mawindo a galimoto yobwereka ali chitsekere.

Ganizo la ulendowu linabwera nditawerenga za ku America. Kumeneko makalata a pulezidenti, zolemba za misonkhano yake, ngakhale zomwe zingamuchititse manyazi, zimasungidwa m'laibulale ya dzina lake kuti anthu azikafufuzamo. Franklin Roosevelt anatsegula yake mu 1941. Ku Nigeria nako Olusegun Obasanjo anatsegula yake ku Abeokuta mu 2017. Ndiye ndinati, kwathu kuno munthu wofuna kumudziwa pulezidenti wakale amapita kuti?

Tinayambira pa chiliza cha Kamuzu ku City Centre mu Lilongwe, pafupi ndi Nyumba ya Malamulo. Chinatsegulidwa mu 2006, nthawi ya Bingu wa Mutharika, mwini wake atamwalira kale mu 1997. Ndi malo okongola, tisanamizane. Pali nsanamira zinayi zoimira ngodya zija makolo athu ankaloweza: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Tinajambulitsa ngati wina aliyense, mnzanga n'kuponya pa WhatsApp pomwepo. Koma pochoka ndinazindikira kuti za munthu amene analamula dziko lino zaka 30, kuyambira 1964 mpaka 1994, ndangoona pomwe anagona. Zomwe ankaganiza, zomwe ankasainira, amene ankawalembera makalata, chiliza sichinena. Bingu naye ali ndi chake, Mpumulo wa Bata, ku Ndata m'boma la Thyolo. Pa ziliza pokha ndiye a Malawi timatha.

Pa Dedza tinangoima kugula tchipisi, zala zitauma ndi mphepo, ulendo wa ku Zomba.

Ku Zomba n'komwe kuli National Archives, nkhokwe ya zikalata za boma yomwe inakhazikitsidwa mu 1947. Zambiri za m'zaka zoyambirira za atsamunda zinapsa pomwe moto unanyeketsa maofesi a boma mumzindawu mu 1919, koma zomwe zilipo n'zoti munthu ungathe miyezi ukuwerenga. Ife tinali ndi masana amodzi okha. Vuto linali lathu: malo ngati amenewa amafuna upite ukudziwa chomwe ukufuna, osati kungotulukira ngati pamsika. Ine ndi digiri yanga yonseyi, kanali koyamba kupondako. Manyazi ake!

Ku Blantyre tinakafika chiperoni chitavuta. Ku Chichiri Museum, yomwe inatsegulidwa mu 1966, mnzanga anakakamira pa mutu wa sitima yakale ya malasha womwe uli panja, ine n'kumadabwa ndi mwala womwe unagwa kuchokera kumwamba ku Machinga mu 1981. Ngati muli ku Blantyre ndipo simunalowemo, kaloweni, mpira wa pa Kamuzu Stadium sukuthawani.

Usiku womwewo, nditadzikulunga m'bulangete pa malo ogona alendo, ndinalowa pa intaneti kufufuzabe za makalata a Kamuzu. Ndinapeza kuti mulu wina wa makalata ndi zolankhula zake, wotchedwa H.K. Banda Archive, uli ku Indiana University ku America, sukulu yomwe anaphunzirako pang'ono ali mnyamata. Tiwathokoze posunga. Komabe zinandiwawa kuti mwana wa ku Kasungu wofuna kugwira pepala lomwe analemba munthu wa kwawo ayambe wapeza viza ndi tikiti ya ndege. Ndalama zomangira chiliza tinazipeza. Chipinda chimodzi choti mwana wasukulu akawerengemo zabwino ndi zoipa za atsogoleri athu, pamodzi, chingatikanike?

Pobwerera tinaima pa Dzaleka. Pasanabwere othawa kwawo mu 1994, pamalopa panali ndende ya anthu omwe boma la Kamuzu linkawaona ngati oukira. M'zaka za m'ma 1970 a Mboni za Yehova ambiri anatsekeredwa pano kaamba kokana kugula khadi la chipani. Dzina lenilenilo likunena zomwe ankafuna womangidwa anene: ndidzaleka. Lero pali misika, matchalitchi, ana akuyankhula Chiswahili ndi Chifalansa. Ndinaima pamsewu, mphepo ikundimenya, osadziwa kuti ndiyang'ane mbali iti.

Nditafika kunyumba ndinawauza agogo. Anakhala chete kanthawi, kenako anati alongo awo anakhalako zaka ziwiri, ndipo atabwerako sankafuna kumva ngakhale dzina la malowo mpaka tsiku lomwalira. Zaka zonsezi palibe anandiuzapo. Inenso sindinafunsepo.

Ndinatulutsa foni, n'kupempha ngati ndingajambule mawu awo.

"Kameneka kasunga zonse?" anafunsa akukaloza ndi chala.

"Kasunga, agogo."

"Ndiye wonjezera nkhuni pamotopa. Anabwera usiku, chimanga tisanakolole."